Guildhall ya ku Leicester, ku England: nyumba imene yakhalapo ya khonsolo, khoti, laibulale ndi polisi

NaPhiri (Evington): Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi funso kwa amene mwakhalitsa mu Leicester muno. Mnzanga wa kuntchito akumanga ukwati mwezi wamawa, ndiye pakhadi alembapo kuti mwambo ukachitikira ku Guildhall. Si nyumba ija ya mitengo yoonekera kunja, yogundizana ndi tchalitchi chachikulu cha St Martin? Chandidodometsa n'chakuti wina wandiuza kuti kale inali polisi, ndipo zitolokosi zake zikadalimo mpaka pano. N'zoona zimenezi? Munthu n'kukamangira ukwati pamalo pamene ankatsekerapo anthu?

Kondwani LE2: N'zoona achemwali. Zitolokosi zilimo, pansi, mukangolowa pabwalo la m'kati. Kulowa n'kwaulere, mutha kukadzionera nokha ukwatiwo usanafike.

A Mbewe: Mwana wanga NaPhiri, amene wakuuzayo sananame, koma wakupatsa kachidutswa kakang'ono. Polisi inakhala m'nyumba imeneyo zaka 40 zokha, kuyambira 1836 mpaka 1876. Pamene apolisi ankalowamo n'kuti nyumbayo ili ndi zaka zoposa 400. Holo yake yaikulu inamangidwa cha m'ma 1390, ndipo amene anaimanga sanali boma kapena mfumu. Linali gulu la anthu a m'tauni momwemo, lotchedwa Guild of Corpus Christi, limene linayamba mu 1343. Ambiri mwa iwo anali amalonda opeza bwino. Ankasonkha ndalama chaka ndi chaka, ankalipira ansembe oti azichita Misa m'tchalitchi cha St Martin kupempherera mamembala amoyo ndi omwalira, ndipo membala akadwala kapena malonda ake akagwa ankamuthandiza. Holoyo inali yokumaniranamo ndi kudyeramo phwando lawo la pachaka. N'chifukwa chake ili khomo ndi khomo ndi tchalitchi: akatuluka ku mapemphero ankangodutsa kanjira n'kulowa m'holo.

Mayi a Chisomo: Amalume, pamenepo mwandikhudza. Corpus Christi ndi chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, chimene ife Akatolika timachita mpaka lero, kuyenda mumsewu ndi Ukaristia. Papa Urban IV ndiye anachikhazikitsa mu mpingo wonse mu 1264. Ndiye kuti anthu amenewa ankayenda m'misewu yomweyi imene timadutsa popita kumsika?

A Mbewe: Yomweyi mayi. Pa tsiku la chakacho ankayenda pa mdipiti, akuluakulu a tauni ali patsogolo, kenako n'kukadya m'holo. Mukalowa m'chipinda chimene amachitcha Mayor's Parlour muyang'ane mawindo. Muli tizidutswa ta galasi lakale la mitundumitundu, ndipo pena mudzaona chikho cha Misa, chimene chinali chizindikiro cha gululo.

Koma chimene ine chimandigwira mtima ndi chaka chimene anayamba. 1343. Patangotha zaka zisanu mliri wa Black Death unafika ku England, ndipo pofika 1349 unali utasesa Leicester. Munthu wina wa ku nyumba ya ansembe yotchedwa Leicester Abbey, Henry Knighton, analemba kuti m'parishi yaing'ono ya St Leonard munafa anthu oposa 380, ndipo m'parishi ya St Margaret munafa 700. Taganizani m'katauni ka anthu masauzande ochepa. Amene anapulumuka anaona anzawo akukwiriridwa mothamanga, popanda wansembe, popanda wolira. Mantha aakulu a munthu wa nthawi imeneyo anali kufa popanda womupempherera. Ndiye gulu lolonjeza kuti ukafa tidzakuika mwaulemu, dzina lako lidzatchulidwa pa Misa, linali chinthu chamtengo wapatali zedi. Sizodabwitsa kuti pasanathe zaka 50 anali ndi chuma chomangira holo yotero.

Che Saidi: A Mbewe, mmene mukufotokozeramu ndikuona ngati magulu athu a maliro aja, amene timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya thupi lake likafike kumudzi. Mantha ake ndi omwewo: kufera kutali popanda wokunyamula.

A Mbewe: Ndi momwemo Che Saidi. Kusiyana kwake n'kwakuti awa anafika pogula nyumba ndi malo m'tauni, lendi yake n'kumalipirira ansembe.

Bambo a Tadala: Ndiloleni ndilowepo ngati kalipentala, chifukwa ine ndikalowa m'holo imeneyo maso anga amathamangira kudenga. Amene mukupita ku ukwatiwu, mukakhala pansi mudzayang'ane m'mwamba chakum'mawa kwa holoyo. Pali mitengo ikuluikulu ya oak yokhota, yochokera m'munsi mwa khoma n'kupindikira m'kati kukagwira mtanda wa pamwamba. Kukhotako sanachite kupinda ndi moto ayi. Mmisiri ankapita kunkhalango kukafuna mtengo umene unamera wokhota kale, n'kuusema potsata mmene unakulira. Mtengo wotero ndi wolimba kuposa wowongoka umene wachita kuudula mokhota, chifukwa mitsempha yake sinaduke. Ndi njira imeneyi ankatha kufolera chipinda chachikulu popanda mzati pakati.

Chinanso, amisiri a nthawi imeneyo ankasema oak ikadali yaiwisi, chifukwa ikauma imalimba moti chisel imabwerera. Ankaboola, kulowetsa mtengo wina m'bowo la unzake, n'kukhoma ndi chikhomo chamtengo. Mtengo ukamauma umafinya chikhomocho, mfundo n'kumalimbirako. Koma pouma umapindikanso pang'ono, n'chifukwa chake makoma ndi pansi pa nyumba zotere sizikhala zowongoka. Ena amaona ngati yatsala pang'ono kugwa. Ayi, inakhazikika choncho kalekale.

Ndipo mukayenda pang'onopang'ono kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo mudzaona kuti kamangidwe ka denga kakusintha pakati. Zigawo zitatu zoyamba ndi za 1390 zija. Ziwiri zinazo anawonjezera cha m'ma 1450, ndipo mmisiri wake anali ndi nzeru zina.

NaPhiri (Evington): Zikomo bambo a Tadala, ndikayang'ana ndithu. Koma nanga zinatheka bwanji kuti nyumba ya gulu la mapemphero isanduke ya khonsolo?

Kondwani LE2: Imeneyo ndingayankheko, tinaiphunzira. Anthu amene ankayendetsa tauni ndi amene ankayendetsanso gululo. Meya ndi anzake ambiri anali mamembala. Ndiye khonsolo itafuna malo okumanirana, sanavutike kufuna kwina. Pofika 1495 khonsolo inali itayamba kale kukumana m'holo ya Corpus Christi. Panalinso lamulo la 1489, nthawi ya Mfumu Henry VII, limene linachotsa anthu wamba pa zosankha meya. Mphamvu zinapita kwa meya ndi akuluakulu 24, pamodzi ndi anthu ena 48 osankhidwa ndi iwo omwewo. Anthu amenewa ankafunika chipinda chachikulu chotsekeka, ndipo chinalipo kale.

Kenako kunabwera kusintha kwa chipembedzo. Mu 1547, pa ulamuliro wa Edward VI, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lothetsa magulu onse olipira Misa za akufa, katundu wawo n'kupita kwa mfumu. Mu 1548 gulu la Corpus Christi linatha. Khonsolo inadzagula nyumbayo, ndipo pofika 1563 inali Town Hall ya Leicester.

A Mbewe: Mtengo wake unali mapaundi 25, masheleni 15 ndi makobiri 4. Achinyamata simudziwa masheleni, ife tinawagwira tisanayambe kwacha.

Mayi a Chisomo: Pepani, koma ine apa mtima ukundiwawa. Kondwani wanena mopepuka kuti "linatha", ngati linangofota lokha. Silinathe, analithetsa. Anthu anasonkha ndalama zawo zaka 200, ena anasiya nyumba zawo m'mawilo kuti azipemphereredwa mpaka kalekale, ndiye boma n'kubwera tsiku limodzi kunena kuti Puligatoliyo kulibe, bweretsani zonse. Kaya munthu amakhulupirira za kupempherera akufa kaya sakhulupirira, lonjezo linali lonjezo. Amene anamwalira mu 1400 sanafunsidwe.

Che Saidi: Ine si Mkhristu koma ndikugwirizana nanu mayi. Chimene munthu wasiya chifukwa cha Mulungu sichiyenera kulandidwa ndi wolamula.

Kondwani LE2: Sindikutsutsa amayi. Boma la Edward linkafunanso ndalama, nkhondo ya ku Scotland inali itadya chuma. Koma pa za nyumbayi payokha, chimene chinaipulumutsa n'chakuti khonsolo inali kale m'katimo. Leicester Abbey, imene inali yaikulu ndi yolemera kuposa Guildhall kutalitali, inatsekedwa mu 1538 ndipo miyala yake anthu anagumula n'kukamangira zina. Lero ku Abbey Park mumangoona mizere ya maziko pa kapinga. Nyumba ya ansembe a Chifransisko yotchedwa Greyfriars nayonso inapita mpaka anthu anaiwala pamene inali. Guildhall inatsala chifukwa panali anthu oifuna Lolemba m'mawa.

A Mbewe: Mnyamata wanena mfundo imene ine ndimaiona m'mbiri yonse ya nyumbayi. Sinakhalepo nyumba yokwanira bwino ntchito iliyonse imene inapatsidwa, koma nthawi zonse pankapezeka wina woti aigwiritse ntchito. Taonani mmene anaidzazira. Holo yomweyo inali ya misonkhano ya khonsolo. Yomweyo inali khoti: kanayi pachaka kunkakhala milandu ya tauni, ndipo woweruza wake, amene ankamutcha Recorder, popeza ankachokera kutali, anamukonzera kachipinda kogona m'mwamba. Kakadalipo, ndi bedi lake la mizati inayi. Holo yomweyonso magulu a zisudzo oyendayenda ankaseweramo, khonsolo n'kuwalipira. Mu 1588, zombo za nkhondo za Spain zitalephera kulanda England, phwando lachisangalalo linadyedwa mmenemo.

Mu 1632 anasamutsiramo mabuku a tauni kuchokera m'tchalitchi cha St Martin, n'kuwaika m'chipinda cha m'mwamba chakum'mawa. Laibulale imeneyo imawerengedwa pakati pa malaibulale akale kwambiri a anthu onse mu England muno. Ambiri ndi mabuku a zaumulungu, a Chilatini, zikuto zachikopa. M'gulu la mabuku amenewo munali Chipangano Chatsopano cha Chigiriki cholembedwa pamanja m'zaka za m'ma 1400, chimene akatswiri a Baibulo amachidziwa ndi dzina loti Codex Leicestrensis.

Kenako mu 1637 anakonza Mayor's Parlour ija, kukhoma matabwa a oak m'makoma monse ndi kusema chokongoletsa chachikulu pamwamba pa malo osonkhapo moto, chopakidwa utoto ndi golide. Mpando wa meya uli pomwepo. Ukaima m'chipinda chimenecho umaona kuti anthu awa ankafuna kuti mlendo aliyense adziwe kuti Leicester si mudzi.

Nachisale (Lilongwe): Ine ndikuwerenga ndili kuno kumudzi, sindinafikeko kumeneko. Nkhani yokoma. Koma nyumba yamitengo kukhala zaka 600 osapsa, osagumulidwa pa nkhondo? Kunalibe nkhondo kumeneko?

A Mbewe: Inaliko achemwali, ndipo inafika pakhomo penipeni. Pa nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa Mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo, Leicester inali mbali ya Nyumba ya Malamulo. Mu 1642 Prince Rupert, mphwake wa mfumu, analembera meya kalata yofuna mapaundi 2,000, ndi kuopseza kuti akapanda kupereka abwera ndi mizinga. Tauni inapereka 500. Mfumu itamva inati sinamutume, koma ndalamazo zinali zitapita.

Zoopsa zenizeni zinadza mu 1645. Pa 30 May asilikali a mfumu anayamba kuomba mizinga, ndipo usiku womwewo kulowa pa 31 anathyola malinga. Anthu anamenyana msewu ndi msewu mpaka kuzungulira tchalitchi cha St Martin, pakhomo pa Guildhall. Anthu ambiri anaphedwa, nyumba ndi masitolo zinafunkhidwa. M'nyumba ya khonsoloyo asilikali anatenga zikalata za tauni, chidindo, ndi ndodo yaulemu ya meya. Koma sanaiotche. Patangotha masabata awiri, pa 14 June, mfumu inagonja ku Naseby, ndipo masiku ochepa pambuyo pake Thomas Fairfax, mkulu wa asilikali a Nyumba ya Malamulo, analanda Leicester kuibwezera ku mbali yawo.

Nachisale (Lilongwe): Mayo ine. Ndiye inapulumukira mkamwa mwa mbuzi.

NaPhiri (Evington): Tsopano tifike pa apolisi aja amalume, paja ndi pamene panayambira funso langa.

Kondwani LE2: Mu 1835 kunabwera lamulo lokonzanso makhonsolo a matauni, loti makhansala azisankhidwa ndi olipira msonkho, ndiponso tauni iliyonse ikhale ndi apolisi ake. Khonsolo yakale ya Leicester inali ya kagulu kodzisankha kokha, ndipo inkadziwika ndi maphwando ndi kuwononga ndalama za tauni pa zisankho. Atsopano amene analowa mu 1836 ambiri anali a mipingo yosakhala ya Anglican. Meya woyamba wa khonsolo yatsopanoyi anali Thomas Paget, ndipo mameya 7 oyamba onse ankapemphera ku Great Meeting, kachisi wa a Unitarian. Anthu amenewa ankanyansidwa ndi zamanyado za akale aja moti anagulitsa pa okushoni ndodo yaulemu ya meya, mbale zasiliva ndi ziwiya za maphwando. Ndodoyo tauni inachita kudzaipezanso patapita zaka.

Chaka chomwecho anakhazikitsa apolisi, amuna 50, mkulu wawo Frederick Goodyer wochokera ku polisi ya London. Ofesi yawo inali mu Guildhall. Pansi pa laibulale paja anakonzapo zitolokosi, ndipo pabwalo la m'kati anamangapo nyumba ya njerwa ya mkulu wa apolisi. Ndiye m'mwamba mabuku a Chilatini, pansi anthu oledzera ndi akuba akudikira kukaonekera kukhoti m'mawa.

Che Saidi: Ine ndinalowamo m'zitolokosi zimenezo ndi ana anga. Chitseko chake n'chochindikala, chili ndi kabowo kakang'ono kosuzumira. M'kati muli benchi yathabwa basi, ndipo kuzizira kwake kumalowa m'mafupa ngakhale kunja kuli dzuwa. Mwana wanga wamng'ono anakana kulowa, anangogwira mwendo wanga. Palinso chikhola chachitsulo chooneka ngati thupi la munthu, chimene ankapachikiramo mtembo. Ndiye ndikumvetsa chimene NaPhiri akudodoma nacho.

A Mbewe: Chikhola chimenecho n'chofanizira cha chimene anaikamo James Cook mu 1832. Anali mnyamata womanga mabuku, ndipo anapha John Paas, wamalonda wa ku London amene anabwera kudzatolera ngongole, n'kuyesa kuotcha mtembo m'shopu yake. Atamunyonga, mtembo wake anaupachika m'chitsulomo pamtengo wautali chakumsewu wa Saffron Lane kuti anthu atengerepo phunziro. Kunakhamukira anthu masauzande, ena kumagulitsa zakumwa pomwepo, mpaka boma linalamula kuti autsitse patangotha masiku atatu. Ndiye anali womaliza ku England kuchitidwa zimenezo, ndipo mu 1834 mchitidwewo unathetsedwa. Koma dziwani kuti izi zinachitika apolisi asanalowe mu Guildhall. Chitsulocho anangochiikamo ngati chionetsero.

Mayi a Chisomo: Ndiye mwamva nokha. Nyumba imene inayamba ndi kupempherera akufa, imene anthu analiriramo poweruzidwa, imene ena anagonamo pathabwa m'nyengo yachisanu, lero muli maukwati, magule ndi anthu oseketsa pa siteji. Ndamvanso kuti ena amalipira kuti akagonemo usiku kusaka mizukwa. Ine sindikuona ulemu pamenepo. Ikanangokhala malo osungiramo zakale, anthu azilowa mwakachetechete, aphunzire, atuluke.

Bambo a Tadala: Mayi, za mizukwazo nanenso sindizikonda. Koma pa zoti izingokhala chete, ndikupempheni mumve mbali ya ife amisiri. Mdani wamkulu wa nyumba yamitengo si phokoso, ndi chinyontho. Nyumba imene anthu akulowamo tsiku ndi tsiku imatenthetsedwa, mawindo amatsegulidwa, ndipo denga likayamba kudontha wina amaona dontho pansi tsiku lomwelo. Nyumba yotsekedwa, ngalande ya padenga imatsekeka ndi masamba, madzi amalowa pamutu pa mtanda, ndipo pofika poti munthu azindikire, mtengo umene unapirira zaka 500 wafumbwa m'zaka 10. Ndakonzapo nyumba zakale kuno, ndipo nthawi zonse mbali yoola kwambiri imakhala chipinda chimene eni ake anasiya kulowamo. Kukonza mtengo umodzi wa oak wotero, ndi malamulo a nyumba zotetezedwa, ndi ndalama zoti simungakhulupirire. Guildhall ili pa Grade I, gulu lapamwamba kwambiri, ndiye sungangokhomapo thabwa la ku shopu. Ndalama za ukwati wa mnzake wa NaPhiri ndi zina mwa zimene zimathandiza kuti khonsolo isaione ngati katundu wolemetsa.

A Mbewe: Ndipo zimene akunena bambo a Tadala zinachitikadi pa nyumba yomweyi. Nthawi imene inatsala pang'ono kutha si ya Edward VI, si ya mizinga ya 1645. Ndi nthawi ya mtendere, pamene inasowa ntchito.

Leicester inakula mothamanga ndi mafakitale a masokosi ndi nsapato. Mu 1801 munali anthu pafupifupi 17,000. Pofika 1871 anali 95,000. Khonsolo ya tauni yotero sikanakwananso m'holo ya amalonda a m'ma 1390. Anamanga Town Hall yatsopano, ija ili ndi kasupe wa mikango patsogolo, yojambulidwa ndi Francis Hames, n'kuitsegula mu 1876. Makhansala anasamuka, makhoti anasamuka, apolisi anasamuka. Yakaleyo inatsala ikugwira tintchito tapatalipatali, kwa kanthawi inakhalapo sukulu yophunzitsa kuphika, koma inkangonka ikuwonongeka. Anthu anayamba kuitcha chonyansa cha pakati pa tauni, ndipo panali maganizo enieni oti igwetsedwe. Mu 1901 tauniyo inali ndi anthu oposa 200,000, malo apakati anali golide, ndiye mungaone nokha mmene mawu a ogwetsa ankamvekera anzeru.

Amene anaimirira ndi a Leicestershire Archaeological Society, bungwe la anthu okonda mbiri ya chigawochi. Anakakamira khonsolo mpaka inavomera kuikonza. Ntchito inayamba mu 1922 ndipo mu 1926 inatsegulidwa kuti anthu onse azilowa kudzaona. Ngakhale dzina loti Guildhall linachita kubwerera. Kwa zaka mazana anthu ankangoti Town Hall, ndipo msewu wake unali Town Hall Lane usanakhale Guildhall Lane. Chaka chotsatira, 1927, tchalitchi cha St Martin chinakwezedwa kukhala cathedral, tchalitchi cha bishopu.

Ndiye mayi a Chisomo, ine ndimalemekeza zimene mukumva. Koma phwando m'holo imeneyo si chinthu chachilendo chimene abweretsa a masiku ano. Ndi ntchito yoyamba imene anaimangira. A Corpus Christi ankachoka ku Misa n'kukadya ndi kumwa mmenemo. Zisudzo zinalimo nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I. Pa ntchito zonse zimene nyumbayi yagwira, ukwati ndi umene eni ake oyamba akanauzindikira msanga.

Mayi a Chisomo: Za phwando ndamva amalume, ndipo za chinyontho sindingatsutsane ndi mmisiri. Ukwati ndaulola. Koma phwando la a Corpus Christi linkabwera pambuyo pa pemphero, ndipo mayina a akufa ankatchulidwa kaye. Lero mlendo amatuluka akukumbukira chitsulo cha James Cook, wakupha munthu, koma sangatchule ngakhale mmodzi mwa amene anasonkha ndalama zomangira denga limene waima pansi pake. Chimenecho ndiye sindikuchilandira.

Che Saidi: Apo pokha mayi mwanena zoona. Ana anga atatuluka ankangokamba za chikholacho.

Kondwani LE2: Chinawonjezera n'chakuti zaka zapitazi nkhani yonse ya dera limenelo yakhala ya Mfumu Richard III. Mafupa ake anapezeka mu August 2012 pansi pa malo oimikapo magalimoto a khonsolo, pamene panali Greyfriars paja, mtunda wa mphindi ziwiri kuchoka pa Guildhall. Pa 12 September chaka chomwecho atolankhani anaitanidwa m'holo yomweyi kudzamva kuti apeza mafupa a munthu wa msana wokhota ndi mabala a nkhondo kumutu. Atatsimikiza mu February 2013, chionetsero choyamba chinali mu Guildhall, mizere ya anthu mpaka kunja mumsewu. Mu March 2015 anamuikanso m'manda mu cathedral. Zinathandiza kuti anthu ambiri aidziwe nyumbayi, koma ambiri amabwera chifukwa cha mfumu imene inafera pa nkhondo ya ku Bosworth mu 1485, osati chifukwa cha amalonda aja.

Bambo a Tadala: Komatu Richard akamalowa mu Leicester popita ku Bosworth, holo imeneyo inali ili chiimire, ndi zigawo zake zonse zisanu. Mitengo imene ndimakuuzani ija inali itauma kale zaka pafupifupi 100.

Nachisale (Lilongwe): Funso langa lomaliza. Mayina a anthu a gulu lija amene amayi akudandaula nawo, alipo penapake, kapena anapita ndi asilikali a 1645 aja?

A Mbewe: Zikalata zambiri za tauni zinapulumuka achemwali, ndipo Leicester ndi imodzi mwa matauni amene ali ndi zolembedwa zakale zochuluka. Masiku ano sizisungidwa mu Guildhall. Zili ku Record Office ya Leicestershire, Leicester ndi Rutland, ku Wigston, komwenso kuli Chipangano Chatsopano cha Chigiriki chija. Mayina a mameya ndi akuluakulu a tauni a zaka za m'ma 1300 ndi 1400 alimo, ndipo monga ananenera Kondwani, ambiri mwa iwo ndi omwewo a Corpus Christi.

Mayi a Chisomo: Ku Wigston ndi pafupi ndi kumene ndimagwira ntchito. Kondwani mwanawe, iwe amene umatha kuwerenga zolemba zakalezo, undiperekeze tsiku limene ndili pa ofu. Ndikufuna ndikalembe mayina angapo ndikapereke kwa bambo mfumu, awatchule pa Misa ya chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye chikubwerachi.

Kondwani LE2: Chabwino amayi. Zambiri ndi za Chilatini ndi Chifalansa chakale, koma zina anazisindikiza ndi kuzimasulira m'Chingerezi, ndiye mayina tikawapeza. Lachinayi ndilibe kalasi, mundiuze ngati mungathe.